Mwana Akaphonya Mpira: Mbiri ya Kulera Mtima m'Masewera a Baseball ndi Softball

 M'nkhani yathu ya mbiri lero tiwoloka nyanja, tipite ku Amereka ndi ku Japan, tikacheze za masewera awiri apachibale amene kuno kwathu saonekaoneka, ndiwo baseball ndi softball. Chotipititsa kumeneko ndi funso limene anthu a m'maiko awiriwa akhala akulimbana nalo kwa zaka zochuluka: kodi munthu wamkulu amene wapatsidwa ana kuti awaphunzitse masewera azichita chiyani pa kamphindi kaja mwana walakwitsa, maso a khamu lonse ali pa iye? Yankho lake lidatenga nthawi kuti lipezeke, ndipo pamene linkafunidwa ana ambiri adasiya masewera amene adawakonda.

Poyamba ndilongosole kaseweredwe kake kuti tiyendere limodzi. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 9, ndipo bwalo lake lili ndi ngodya zinayi. Woponya amaima chapakati pa bwalo ndi kampira kolimba, kukula kwake ngati lalanje, nakaponya mwamphamvu kwa mnzake wa timu inayo amene waima pa ngodya yoyambira atanyamula chibonga chosalala. Wachibongayo akaumenya mpira amathamangira ku ngodya yotsatira, ndipo akakwanitsa kuzungulira ngodya zonse nabwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli. Akauphonya katatu watuluka, ayenera kubwerera kukakhala pansi. Anthu atatu akatuluka matimu amasinthana: omenya apita kukawakha, owakha abwera kudzamenya. Softball ndi mng'ono wake wa baseball. Idayambira mu mzinda wa Chicago m'chaka cha 1887, pamene anyamata ena adamanga golovesi la nkhonya kuti likhale mpira, natenga mpini wa tsache kukhala chibonga, ndipo George Hancock ndiye adalemba malamulo ake oyamba. Mpira wake ndi wokulirapo, bwalo ndi locheperapo, ndipo woponya amaponya cham'munsi, dzanja likudutsa pambali pa ntchafu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa masewerawa kulemera pa mtima wa mwana. Choyamba, kulephera ndiko kumachuluka kuposa kukhoza. Wosewera wamkulu amene amamenya bwino katatu pa maulendo 10 alionse amatchedwa katswiri, chonsecho pa maulendo 7 enawo amabwerera chimanjamanja. M'maligi awiri aakulu a ku Amereka, American League ndi National League, munthu womaliza kupitirira 4 pa 10 m'chaka chathunthu adali Ted Williams wa timu ya Boston Red Sox, ndipo m'menemo n'kuti chaka chili 1941. Chachiwiri, womenya amaima yekha. Pa mpira wamiyendo mwana akalakwitsa, mpira umathamangira kwina ndipo anthu amaiwala msanga. Pa baseball masewera amaima kaye mpira uliwonse ukaponyedwa, motero mwana amene waphonya amakhala ndi nthawi yokwanira yomva kunyinyirika kwa anthu oonerera, yoona nkhope ya bambo wake, ndi yodzifunsa ngati mpira wotsatirawo auphonyanso.

Munthu woyamba kulowa m'bwalo la baseball ndi cholinga chophunzira za maganizo a osewera adali Coleman Griffith wa pa yunivesite ya Illinois. M'chaka cha 1925 adatsegula nyumba yofufuzira za kaganizidwe ka anthu ochita masewera, ndipo chaka chotsatira adatulutsa buku lotchedwa Psychology of Coaching. M'chaka cha 1938 Philip Wrigley, mwini wake wa kampani ya chingamu amenenso adali mwini timu ya Chicago Cubs, adamulemba ntchito kuti athandize osewera ake. Griffith adabwera ndi makina ojambulira kanema ndi zida zoyezera, nalemba malipoti ambiri. Uphungu wake waukulu udali wakuti zoyeserera zizifanana ndi mpikisano weniweni, ndi kuti woyang'anira timu azidziona ngati mphunzitsi. Koma woyang'anira timuyo, Charlie Grimm, sadafune kumva za munthu wamabuku amene sadasewerepo m'ligi yaikulu, ndipo Gabby Hartnett amene adalowa m'malo mwake nayenso sadasamale. Pofika 1940 ntchito ija idatha. Akuluakulu a masewerawa nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kulimba mtima munthu amabadwa nako, ndipo amene alibe angochoka.

M'nyengo yomweyo, kutali ndi mabwalo aakulu, m'tauni ya Williamsport m'chigawo cha Pennsylvania, munali kalaliki wina wa zaka 28 dzina lake Carl Stotz. Tsiku lina m'chaka cha 1938 ankaponyerana mpira ndi adzukulu ake awiri pabwalo la nyumba, napunthwa pa chitsa cha duwa. Ali chikhalire pansi akusisita mwendo, adawafunsa anawo ngati angakonde kusewera m'timu yeniyeni, yokhala ndi mayunifolomu, mpira watsopano, ndi zibonga zolingana ndi msinkhu wao. Ana a nthawi imeneyo ankasewera pa malo a chabechabe, ndipo anyamata akuluakulu akafika ankawathamangitsa. Stotz adayenda m'makampani ambiri kupempha thandizo, namukana, kufikira atapeza atatu amene adapereka madola 30 iliyonse: ya mkaka yotchedwa Lycoming Dairy, ya matabwa yotchedwa Lundy Lumber, ndi yophika tizakudya totafuna yotchedwa Jumbo Pretzel. Pa 6 Juni 1939 padachitika masewera oyamba a ligi imene idatchedwa Little League, ndipo Lundy Lumber idagonjetsa Lycoming Dairy ndi zigoli 23 kwa 8.

Nzeru ya Stotz idali yochepetsa masewera kuti alingane ndi mwana. Mtunda wa pakati pa ngodya ndi ngodya adaufupikitsa kuchoka pa mamita 27 kufika pa mamita 18, ndipo zigawo za masewera adazichepetsa kuchoka pa 9 kufika pa 6. Chimene sadathe kuchepetsa chidali njala ya chipambano ya anthu akuluakulu. M'chaka cha 1947 padayamba mpikisano waukulu wa pachaka ku Williamsport, mu 1948 kampani yaikulu ya U.S. Rubber idayamba kuthirapo ndalama, ndipo mu 1953 mpikisanowo udaonetsedwa pa wailesi yakanema kwa nthawi yoyamba. Mwana wa zaka 12 amene kale ankaphonya mpira pamaso pa amayi ake ndi anansi ochepa, tsopano ankauphonya pamaso pa dziko lonse. Stotz sadakondwere ndi m'mene ligi yake idasandukira malonda. Adakangana ndi atsogoleri atsopano, nkhani idafika kukhoti m'chaka cha 1955, ndipo mapeto ake adachoka m'bungwe limene adaliyambitsa yekha. Adamwalira mu 1992.

M'zaka za m'ma 1950 aphunzitsi ndi madokotala ambiri a ku Amereka adayamba kudandaula kuti mipikisano yotere njolemera kwa ana aang'ono. Little League idayankha polemba ntchito katswiri wa za thupi la munthu, Creighton Hale, m'chaka cha 1955. Iyeyu ndiye adakonza chisoti cholimba chophimba makutu onse awiri, chimene chateteza mitu ya ana osawerengeka ku mpira woponyedwa mwamphamvu. Mutu wa mwana udapeza chisoti, koma za mtima wake zidatsalabe m'manja mwa abambo odzipereka amene ankaphunzitsa matimu madzulo akaweruka kuntchito. Ambiri adali anthu abwino. Komatu palibe amene adawaphunzitsa kaphunzitsidwe ka ana, motero ankangotengera zimene adaona kwa oyang'anira matimu a akuluakulu, kapena zimene adaphunzira ku usilikali m'nthawi ya nkhondo: kukuwa, kukalipa, ndi kukhazika pansi mwana wolakwitsa.

Ligiyo itafalikira kunja kwa Amereka katundu wa pa mapewa a ana adalemererabe. Timu ya ku Monterrey, ku Mexico, idatenga chikho mu 1957. Matimu a ku Taiwan adachitenga maulendo 17 pakati pa 1969 ndi 1996, ndipo m'zaka zimene dziko lao linkataya abwenzi pa ndale za maiko, mabanja ankachezera usiku wonse kutsatira masewerawo, ngati kuti ulemu wa fuko lonse uli m'manja mwa anyamata a zaka 12. Aamereka adakhumudwa nako kugonjako kotero kuti mu 1975 adaletsa matimu akunja kwa chaka chimodzi. Mu 1992 timu ya ku Zamboanga, ku Philippines, idalandidwa chikho chifukwa cha osewera osayenera, ndipo mu 2001 kudadziwika kuti woponya wina wa ku New York, Danny Almonte, adali ndi zaka 14 pamene mapepala ankanena 12. M'nkhani zonsezi amene adakonza chinyengo adali akuluakulu, koma amene adanyamula manyazi pamaso pa anthu adali ana.

Tsopano tiyeni tiwolokere ku Japan, kumene funso lomwelo lidayankhidwa mwa njira ina. Baseball idafika kumeneko cha m'ma 1872 ndi mphunzitsi wa Chiamereka, Horace Wilson. Ophunzira a pa sukulu yotchedwa Ichiko mu mzinda wa Tokyo adaisandutsa njira yosulira khalidwe, nkumayeserera tsiku ndi tsiku, m'dzuwa ndi m'chisanu, kufikira manja atatuluka magazi. M'chaka cha 1896 adagonjetsa timu ya azungu a ku Yokohama ndi zigoli 29 kwa 4, ndipo dziko lonse lidaona kuti njira yowawayo yabala zipatso. Tobita Suishu, amene adayang'anira timu ya yunivesite ya Waseda kuyambira 1919 mpaka 1925, adaikhazikitsa njirayi, ndipo zoyeserera zake zidadziwika ndi dzina lakuti maphunziro a imfa. Chikhulupiriro chake chidali chakuti mtima umalimba pamene thupi latopa kotheratu. Kuchokera m'mwambo umenewu mudatuluka chizolowezi chakuti mphunzitsi azimenyera wosewera mmodzi mipira yotsatizana, yotchedwa mipira 1,000, kufikira mnyamatayo atagwa.

Mpikisano wa sukulu za sekondale za dziko lonselo udayamba mu 1915, ndipo kuyambira 1924 umachitikira m'bwalo la Koshien, pafupi ndi mizinda ya Osaka ndi Kobe. Timu ikagonja kamodzi yatuluka. Anyamata ogonja amalira poyera, nagwada kutapa dothi la bwalolo m'timatumba kuti akasunge kwao. Mwambo umenewu uli ndi zokoma zake zimene sitinganyoze: anyamata amaweramira bwalo polowa ndi potuluka, amalisesa okha, ndipo amalemekeza otsutsana nao. Koma udalinso ndi mtengo wake wowawa. Aphunzitsi ena ankamenya ana m'dzina la kuwalimbitsa, ndipo mikono ya oponya ambiri idaonongeka akadali achichepere. M'chaka cha 1998 Daisuke Matsuzaka, mnyamata wa zaka 17 wa sukulu ya Yokohama, adaponya mipira 250 m'masewera amodzi a zigawo 17, mawa lake naponyanso, ndipo mkucha wake adaponya masewera onse a ndime yomaliza. Dziko lidamutamanda ngati ngwazi. Padapita zaka zina anthu asadayambe kufunsa mokweza ngati n'koyenera kupempha zotere kwa mwana wasukulu.

Tibwerere ku Amereka, pakuti kusintha kwenikweni kudayambira mu mzinda wa Seattle m'zaka za m'ma 1970. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Washington, Ronald Smith ndi Frank Smoll, pamodzi ndi mnzao Bill Curtis, adaganiza zosiya mkangano wa pakamwa nkupita kukawerenga zimene zimachitika m'bwalo. Adaphunzitsa anthu okhala m'mbali mwa bwalo ndi pepala ndi pensulo, kulemba chilichonse chimene mphunzitsi wa timu wachita: kaya wayamikira, kaya walimbikitsa mwana atalakwitsa, kaya walangiza, kaya wakalipa, kaya wangokhala chete. Zochita zonse adazigawa m'magulu 12. Adatsatira aphunzitsi 51 a Little League m'masewera oposa 200, nalemba zochita zoposa 57,000. Nyengo ya masewera itatha adapita m'makomo kukacheza ndi ana 542, mmodzimmodzi, aphunzitsi ao palibe.

Zimene adapeza zidadabwitsa ambiri. Choyamba, aphunzitsi sankadzidziwa. Atafunsidwa kuti amayamikira kapena kulangiza kangati, mayankho ao sadagwirizane ndi zimene zidalembedwa pa mapepala, pamene mayankho a ana adayandikira kwambiri ku zoonadi. Mwana wa zaka 11 ankamudziwa mphunzitsi wake kuposa m'mene mphunzitsiyo ankadzidziwira. Chachiwiri, chikondi cha ana pa mphunzitsi wao, ndi kufuna kwao kudzaseweranso pansi pa iye, sikudayendere kuchuluka kwa masewera amene timu idapambana. Kudayendera m'mene mphunzitsiyo ankalimbikitsira ndi kulangizira. Chachitatu, ana amene adakhudzidwa koposa adali aja odzikayikira kale. Mwana wodzidalira amatha kupirira mphunzitsi waukali. Mwana wodzikayikira amaphuka pansi pa mphunzitsi wolimbikitsa, ndipo amafota msanga pansi pa wonyogodola.

M'chaka cha 1979 ofufuza ena awiri, Julie Simon ndi Rainer Martens, adayeza nkhawa ya anyamata 749 asanayambe zochitika zosiyanasiyana, monga masewera, mayeso a m'kalasi ndi zoimbaimba. Nkhawa yaikulu koposa idapezeka mwa ana amene ankayembekeza kuimba chida cha bandi ali okha, ndipo masewera a munthu payekha adaposa masewera a timu. Apa padaoneka kuti chimene chimaopsa mwana kwambiri ndicho kuima yekha poyera kuti ayesedwe. Mwana wonyamula chibonga amalowa m'kanthawi kotere katatu kapena kanayi pa masewera alionse, ndipo akabwerako nkhope yoyamba kukumana nayo ndi ya mphunzitsi wake.

Chaka chomwecho Smith, Smoll ndi Curtis adafalitsa zotsatira za kuyesa kwao kwachiwiri. Adatenga aphunzitsi 31, napatula 18 nkuwaphunzitsa kwa maola ochepa okha nyengo isadayambe, pamene 13 enawo adawasiya m'mene adaliri. Maphunzirowo adali osavuta kumva. Yamikirani khama la mwana monga momwe muyamikirira zigoli. Mwana akalakwitsa mulimbikitseni nthawi yomweyo, pakuti iye akudziwa kale kuti walakwitsa ndipo safuna womukumbutsa. Ngati pali chomukonza, yambani ndi chimene wachita bwino, kenaka mumuuze chimene achite ulendo wotsatira, nimumalize ndi mau omupatsa chiyembekezo. Musamukonze mwaukali kapena momuseka. Malamulo a timu muwapange pamodzi ndi anawo. Ndipo masewera akatha khalani pansi, mudzifunse kuti lero mwayamikira kangati ndipo mwakalipa kangati. Nyengo itatha, ana a aphunzitsi 18 aja adawakonda aphunzitsi ao kuposa enawo, adakondana okhaokha, ndipo kudzidalira kwao kudakwera. Matimu aowo sadagonje kuposa anzao, choncho mantha akuti kukoma mtima kumagonjetsa timu adapezeka opanda maziko.

Umboni wogwira mtima koposa udabwera m'chaka cha 1992, pamene Nancy Barnett pamodzi ndi Smoll ndi Smith adawerenga ana amene sadabwererenso ku masewera chaka chotsatira. Mwa ana amene adali pansi pa aphunzitsi osaphunzitsidwa, 26 pa 100 alionse adasiya. Mwa amene adali pansi pa aphunzitsi ophunzitsidwa, adasiya 5 okha pa 100 alionse. Omvera, taganizirani kusiyana kumeneku. Mabwalo adali ofanana, mipira ndi zibonga zofanana, ana a m'dera limodzi. Chosiyana chidali mau amene munthu wamkulu ankanena mwana akaphonya, ndipo mau amenewo adawaphunzira m'maola ochepa. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa, wa mu 1995, adaonetsanso kuti nkhawa ya ana a aphunzitsi ophunzitsidwa idatsika m'kati mwa nyengo ya masewera.

Nanga atsikana adali kuti m'mbiri yonseyi? Kwa zaka zambiri akuluakulu adagamula okha kuti mtsikana sangapirire masewerawa. M'chaka cha 1950 Kathryn Johnston wa ku Corning, m'chigawo cha New York, adameta tsitsi, nadzitcha Tubby, nalowa m'timu ngati mnyamata. Chaka chotsatira padaikidwa lamulo loletsa atsikana. Mu 1972 Maria Pepe wa ku Hoboken, m'chigawo cha New Jersey, adaponya m'masewera atatu okha, kenaka adachotsedwa ligi ya kwao itaopsezedwa kuti ichotsedwa m'kaundula. Nkhani idazengedwa, Sylvia Pressler adagamula mokomera atsikana mu 1973, ndipo mu 1974 Little League idawatsegulira khomo, niyambitsanso ligi ya softball imene lero ili ndi mpikisano wake waukulu wa pachaka. Maria mwiniwake n'kuti atapitirira msinkhu wosewera. Patapita zaka 40, mu 2014, Mo'ne Davis wa ku Philadelphia, mtsikana wa zaka 13, adaponya masewera athunthu ku Williamsport popanda timu ya anyamata a ku Nashville kupeza chigoli ngakhale chimodzi. Malire amene akuluakulu adaika pa mtima wa mtsikana adali m'mitu mwa akuluakuluwo.

Pamene ofufuza ankakonza khalidwe la aphunzitsi, ena adayamba kupatsa osewera eni ake zida zodzigwirira mtima. Harvey Dorfman, amene poyamba adali mphunzitsi wa m'kalasi, adalembedwa ntchito ndi timu ya Oakland Athletics mu 1984, ndipo mu 1989 adatulutsa buku la The Mental Game of Baseball pamodzi ndi Karl Kuehl. Ken Ravizza wa pa yunivesite ya California State ku Fullerton adatulutsa Heads-Up Baseball mu 1995 pamodzi ndi Tom Hanson. Chiphunzitso cha Ravizza chidali chakuti wosewera azisamala mpira umodzi wokha, umene ukubwera tsopano. Ankayerekeza mtima ndi nyali za pamsewu: yobiriwira pamene uli bwino, yachikasu pamene wayamba kusokonezeka, yofiira pamene wataya mtima. Wosewera akazindikira kuti nyali yasintha, abwerere pambuyo pang'ono, ayang'ane chinthu chimodzi chimene adasankha kale, monga nsonga ya mtengo wa mbendera, apume mpweya wautali, kenaka abwerere pamalo pake.

M'chaka cha 2004 timu ya yunivesite yakeyo idayamba nyengo moipa, itapambana masewera 15 nkugonja 16. Ravizza adaika kachimbudzi kachidole pamene osewera amakhala, kuti wophonya aliyense azikagujumula pobwera, kusonyeza kuti cholakwa chapita ndi madzi. Anthu akhoza kuseka, komatu timu ija idatenga chikho cha mayunivesite a dziko lonse chaka chomwecho. Bungwe la Positive Coaching Alliance, limene Jim Thompson adayambitsa pa yunivesite ya Stanford mu 1998, lidafalitsa timiyambo totere kwa aphunzitsi a ana a baseball ndi softball: mwana akalakwitsa, iye ndi mphunzitsi wake apange chizindikiro chimene adagwirizana, monga kusasa fumbi paphewa, ndipo nkhani ithere pomwepo. Ravizza adagwiranso ntchito ndi Chicago Cubs, timu yomwe ija idakana Griffith, ndipo adali nayo pamene idatenga chikho chachikulu mu 2016, koyamba chichokereni 1908.

Malamulo nawonso adatsatira. Mu 2007 Little League idaika malire a mipira imene mwana angaponye, ndiyo 85 pa tsiku kwa a zaka 11 ndi 12, ndi masiku opumula pambuyo pake. Ku Japan, kuyambira 2020, woponya wa ku sekondale saloledwa kupitirira mipira 500 pa sabata m'mipikisano ikuluikulu. Ndipo m'chaka cha 2023 chikho cha ku Koshien chidatengedwa ndi sukulu ya Keio, koyamba patapita zaka 107, itagonjetsa Sendai Ikuei ndi zigoli 8 kwa 2. Anyamata a Keio sadamete mpala monga mwa mwambo wa matimu ambiri, ndipo mphunzitsi wao, Takahiko Moribayashi, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa ana a pulayimale, amadziwika ndi kulimbikitsa osewera kuganiza okha ndi kusangalala nao masewera. M'dziko la maphunziro a imfa, chipambano chimenechi chidautsa mkangano waukulu m'manyuzipepala ndi m'makomo.

Masewerawa adafikanso ku Africa kuno. M'chaka cha 2012 anyamata a ku Lugazi, ku Uganda, adakhala timu yoyamba ya mu Africa kusewera ku Williamsport, ndipo adabwerako atapambana masewera amodzi, pogonjetsa timu ya ku Oregon ndi zigoli 3 kwa 2. Koma phunziro la mbiriyi silidikira kuti chibonga chifike m'boma lanu. Mphunzitsi amene amatsala pasukulu madzulo ndi ana a mpira wamiyendo kapena wamanja amakumana ndi kamphindi komweko: mwana waphonya penate, kapena wagwetsa mpira pansi pa golo, ndipo watembenuka kuyang'ana kwa mkulu wake. Makolo athu adati m'mera mpoyamba. A ku Seattle adangowonjezerapo chiwerengero, kuti pa ana 100 alionse, oposa 20 amakhala kapena kuchoka malinga ndi zimene adzamve pa kamphindi kameneko. Mwa ochokawo mumakhala ana odzikayikira, amene masewera akadawathandiza koposa onse, ndipo amachoka mwakachetechete, osauza munthu chifukwa chake.

Choncho mphunzitsi amene akufuna kudziwa m'mene akuyendetsera timu yake angathe kutengera njira ya ofufuza aja popanda kulipira kanthu. Apemphe mphunzitsi mnzake akhale m'mbali mwa bwalo ndi pepala ndi pensulo, alembe kuti wayamikira kangati, walangiza kangati, wakalipa kangati. Ndipo nyengo yatsopano ikayamba atenge kaundula wa chaka chatha, awerenge maina a ana amene abweranso ndi amene sadabwere.